Ulangizi wa pa Foni: Uthenga Umodzi pa Njira Zonse

Malangizo a zaulimi amafika kwa alimi a m'boma la Dedza kudzera mwa mlangizi wa m'dera, pa wailesi, pa SMS ndiponso pa mapulogalamu a pa foni. Mu 2015 kampani ya Airtel Malawi idakhazikitsa M'chikumbe, njira yomwe mlimi amaimba 212 ndi kumvera malangizo m'Chichewa ngakhale pa foni ya mabatani. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayesa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yoyankha mafunso m'Chichewa ndi m'Chingerezi potengera buku la malangizo la Unduna wa Zamalimidwe.

Mfundo yaikulu pokonza mapulogalamu otere ndi yakuti uthenga ukhale umodzimodzi pa njira zonse. Maonekedwe angasiyane, chifukwa SMS imodzi imatenga zilembo 160 zokha pomwe WhatsApp imatumiza zithunzi ndi mawu, koma mlingo wa mankhwala, dzina la matenda ndi mtengo wa mbewu siziyenera kusintha.

Kusiyana kumayambira pa miyeso ndi mayina. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Choncho mlimi wa ku Bembeke amene walandira mlingo wa feteleza wa pa hekitala, n'kuuthira pa ekala, amawononga ndalama. Mbatata imodzi yomweyo ena amaitcha kachewere, ena mbatatesi, ndipo pulogalamu yodziwa dzina limodzi lokha imalephera kuyankha funso la chiwawu, matenda amene amavuta m'madera ozizira ndi achinyezi. Pa msika namonso, mtengo wa pa ndowa sungafanizidwe ndi wa pa kilogalamu popanda sikelo.

Zolakwika zotere sizioneka mu ofesi. Amaziona ndi alimi ndi ochita malonda. N'chifukwa chake okonza mapulogalamu amayenera kuwafunsa asanayambe ntchito, kuyesa pulogalamuyo pa mafoni amene anthu ali nawo kale, makamaka kumene netiweki imavuta, ndi kupitiriza kumva maganizo awo.

Aliyense amene wapeza malangizo otsutsana asunge uthengawo, alembe tsiku ndi njira imene wabwerera, ndipo adziwitse mlangizi wa m'dera lake kapena ofesi ya zaulimi ya EPA, monga ya Linthipe, Lobi, Mayani kapena Kanyama. Nkhani yokhudza anthu ambiri itulidwe ku komiti ya zaulimi ya m'mudzi kuti ikafike ku boma. Mankhwala asathiridwe m'munda mlingo wake usanatsimikizidwe ndi mlangizi kapena malangizo olembedwa pa botolo.