Magetsi a pansi pa phazi la woimba gitala

Tibokosi timene oimba gitala amaponda kuti mawu asinthe, timene amati ma pedal, tinabadwa tikudya batire. Kampani ya Gibson itatulutsa Maestro Fuzz-Tone mu 1962, m'kati mwake munkalowa timabatire tiwiri ta 1.5V basi. Kabokosiko kanakhala kosayenda malonda mpaka 1965, pamene Keith Richards anakagwiritsa ntchito m'nyimbo ya Satisfaction. Koma batire imene inadzalamulira ntchito yonseyi ndi ya makona anayi ija ya 9V, imene Eveready anayamba kugulitsa mu 1956. Sanapangire oimba ayi, anapangira timawailesi ta m'manja. Opanga ma pedal anangoipeza ili kale m'sitolo iliyonse, n'kumangirapo zipangizo zawo.

Fuzz Face, yomwe inatuluka ku London mu 1966 n'kutchuka ndi Jimi Hendrix, inalibe ndi bowo lomwe lolowetsera magetsi. Panalibe chifukwa. Inkamwa mphamvu pang'ono kwambiri, moti batire imodzi inkatha miyezi. Ndipo batire inali ndi ubwino umene anthu sanauzindikire mpaka atausiya: pedal iliyonse inali ndi gwero lakelake la mphamvu, losakhudzana ndi la inzake, losakhudzananso ndi magetsi a pakhoma.

Kenaka kampani iliyonse inayamba kuboola bowo lake momwe yafunira. Ibanez TS808 ndi ProCo Rat zinali ndi kabowo konga ka mahedifoni. Zina za Electro-Harmonix ku New York zinkabwera ndi nthambo yolowetsa pakhoma. Amene anadzapambana ndi a Boss a ku Japan, omwe anayamba kugulitsa tibokosi tawo tating'ono mu 1977, ndipo bowo lawo la 2.1 mm ndilo aliyense akutsanzira lero.

Bowo limenelo ndi loyenera kuliyang'anitsitsa. Kachitsulo ka pakati ndi negetivu, kunja ndiko pozitivu, mosemphana ndi zipangizo zambiri za m'nyumba. Chifukwa chake chili m'kati mwa bowomo: muli kalilime kachitsulo kamene kamakankhidwa ndi kunja kwa pulagi, n'kudula waya wa pozitivu wochokera ku batire, kuti batire ndi adaputala zisalimbane. Nzeru yaing'ono yotetezera batireyo ndi imene yapsereza ma pedal osawerengeka m'manja mwa anthu otola adaputala ya dikoda kapena ya rauta, poona kuti pulagi ikulowa bwinobwino. Ndimamva chisoni ndi wachinyamata amene wasunga ndalama chaka chathunthu n'kuona kautsi tsiku loyamba.

Batire inagonja pofika zipangizo za dijito. Mu 1983 Boss anatulutsa DD-2, delay yoyamba ya dijito m'kabokosi kakang'ono, yomwe inkamwa mphamvu yoposa 50 mA pamene overdrive wamba safika ndi 10 mA yomwe. Batire imene inkatha miyezi tsopano inkafa usiku umodzi. Oimba olemera anali atapeza kale njira: Pete Cornish ku England ankamangira David Gilmour ndi Brian May mabolodi okhala ndi magetsi akeake m'ma 1970. Ena onse anapeza daisy chain, nthambo imodzi yokhala ndi mitu isanu kapena isanu ndi itatu, yochokera ku adaputala imodzi.

Apa m'pamene phokoso linalowera. Ma pedal a pa nthambo imodzi ali ngati mabanja otunga pachitsime chimodzi: wina akavundula, onse amamwa matope. Delay ya dijito imabweza zinyalala zake m'nthambomo, overdrive n'kuzitola n'kuzikuza, ndiye sipika imangoti nziii ngakhale woimba asanakhudze gitala. Fuzz ya mtundu wakale, yomwe mawaya ake ndi otembenuzika, siingakhale n'komwe pa nthambo imodzi ndi zinzake.

Yankho la Voodoo Lab ku California linali kubwerera kumene tinachokera. Pedal Power 2 Plus ili ndi mabowo 8, lililonse ndi koilo yakeyake pa thiransifoma, ngati kuti pedal iliyonse yabwezeredwa batire yake. Anaikaponso timakonono totsitsira mphamvu pa mabowo awiri, kuti woimba amve mawu a batire yotsala pang'ono kufa, amene okonda fuzz amawafuna dala. Mbali inayo kunabwera 1 Spot ya Visual Sound, kampani imene pano ikutchedwa Truetone: adaputala imodzi yopepuka ya 1700 mA, yotsika mtengo, yolandira magetsi kuyambira 100V mpaka 240V.

Ine maganizo anga ndi akuti munthu wa ma pedal atatu kapena anayi a analogi asachite manyazi ndi adaputala yabwino imodzi ndi daisy chain. Zimagwira. Chimene chimandiwawa ndi tibokosi totchipa ta mabowo khumi ndi timagetsi tabuluu, tolembedwa kuti isolated pamene m'kati ndi daisy chain yovala chitsulo. Kuyesa n'kosavuta. Zimitsani kabokosiko, ikani mita yoyezera magetsi pokuti ilire mawaya akakhudzana, khudzani ndi mawaya akewo kachitsulo ka pakati ka bowo limodzi ndi ka bowo lina. Ikalira, mabowowo ndi amodzi.

Werenganinso manambala a pansi pa pedal iliyonse, chifukwa Strymon Timeline yokha imafuna 300 mA, ndipo bowo la 100 mA silingaidzutse. Ndipo amene mukuitanitsa katundu wakaunjika kuchokera ku America, onani kaye kumbuyo kwake: thiransifoma yolembedwa 120V yokha ipsa ikangolawa 230V ya kwathu kuno.