Alumikizi a nthawi m'Chiairishi

Alumikizi a nthawi m'Chiairishi ndi mawu amene amalumikiza nthambi ziwiri za chiganizo posonyeza chimene chinayamba kuchitika, chimene chinatsatira, kapena zimene zinachitikira limodzi. Chiairishi, chimene eni ake amachitcha Gaeilge, ndi chiyankhulo choyamba cha boma la Ireland. Chichewa nthawi zambiri chimaika tanthauzo la nthawi mkati mwa mneni, monga m'mawu akuti "atabwera", "akabwera" ndi "asanabwere". Chiairishi chimagwiritsa ntchito mlumikizi woima payekha, ndipo mlumikiziyo amasintha lembo loyamba la mneni womutsatira.

Kusintha kwa lembo loyamba

Kusinthaku kuli mitundu iwiri. Woyamba ndi séimhiú, pamene h amalembedwa pambuyo pa lembo loyamba ndipo liwulo limafewa: tiocfaidh amakhala thiocfaidh. Wachiwiri ndi urú, pamene lembo lina limaikidwa kutsogolo ndipo ndi lomwe limatchulidwa: tiocfaidh amakhala dtiocfaidh. Wophunzira ayenera kuloweza mlumikizi aliyense pamodzi ndi kusintha kumene amabweretsa.

Nuair a

Nuair a amatanthauza "pamene". Anachokera ku mawu akuti an uair, kutanthauza "nthawiyo", ndipo amabweretsa séimhiú. Chiganizo chakuti Nuair a tháinig sí, d'imigh mé chikutanthauza "Atabwera, ndinachoka". Ngati chinthucho sichinachitike, mneni amakhala mu nthawi yam'tsogolo: Nuair a thiocfaidh sí, imeoidh mé, "Akadzabwera, ndidzachoka". Pamenepa Chingerezi chimagwiritsa ntchito nthawi yatsopano, choncho ophunzira amene anazolowera Chingerezi amalakwitsapo kawirikawiri. Pokana, amati nuair nach, ndipo mu nthawi yakale aneni ambiri amatenga nuair nár.

Sula ndi go dtí go

Sula amagwira ntchito ya "-sana-" wa m'Chichewa, ndipo amabweretsa urú: Imeoidh mé sula dtiocfaidh sí, "Ndidzachoka asanabwere". Mu nthawi yakale amasanduka sular n'kubweretsa séimhiú: D'imigh mé sular tháinig sí, "Ndinachoka asanabwere". Aneni ochepa osatsata lamulo satenga sular ngakhale mu nthawi yakale, monga sula raibh ndi sula ndeachaigh.

Go dtí go amatanthauza "mpaka" ndipo amatsata njira yomweyo: Fan go dtí go dtiocfaidh sí, "Dikira mpaka abwere". Mu nthawi yakale amakhala go dtí gur.

Alumikizi ena

Ó amasonyeza pamene chinthu chinayambira: ó tháinig sí, "kuyambira pamene anabwera". Chomh luath is a amatanthauza "-tango-" kapena "-kango-", pomwe fad is a amasonyeza nthawi yonse imene chinthu chikuchitika.

Agus

Tanthauzo lodziwika la agus ndi "ndi" kapena "ndipo", koma mawuwa amasonyezanso zinthu zochitikira limodzi. Zikatero, amatsatiridwa ndi dzina kapena mlowam'malo popanda mneni wosonyeza nthawi: Chonaic mé é agus mé ag dul abhaile, "Ndinamuona pamene ndinkapita kunyumba". Nthawi ya nthambi yachiwiriyi imadziwika kuchokera kwa mneni wa nthambi yoyamba. Kalankhulidwe kameneka kanalowanso m'Chingerezi cha ku Ireland, momwe and amamveka m'malo mwa while.