Mfumu ya ku Aksum ndi Alendo Ake

M'chaka cha 615 kagulu ka anthu osakwana 20 kanazemba mumzinda wa Mecca nkuoloka Nyanja Yofiira pa ngalawa. Anali Asilamu oyambirira, amene akuluakulu a fuko la Quraysh ankawazunza chifukwa chokana mafano. Muhammad ndiye anawauza kuti athawire ku Aksum, kumene lero kuli Ethiopia ndi Eritrea, poti mfumu ya kumeneko, Negus, inali Mkhristu wosapondereza munthu. Mwana wake wamkazi, Ruqayya, anali m'gululo. Pambuyo pake anatsatira ena opitirira 80.

Ife a kum'mawa kuno, amene tinaona anzathu a ku Mozambique akufika ku Ukwimi atasenza timitolo pamutu, tikudziwa mmene wothawa kwawo amaonekera.

A Quraysh anatumiza Amr ibn al-As ndi mphatso za zikopa zofufuta kuti mfumu ibweze anthuwo. Nduna zinalandira zao nkuvomera msanga. Mfumu inakana kuweruza mlandu itamva mbali imodzi. Inaitanitsa alendowo pamaso pa mabishopu, ndipo Ja'far, msuweni wa Muhammad, analakatula chigawo cha Korani chonena za Mariya ndi kubadwa kwa Yesu. Olemba mbiri achisilamu amati mfumu inalira mpaka ndevu kunyowa, mabishopu nawonso analira. Taganizani: atsogoleri a mpingo atakhala chete, kumvetsera mawu opatulika a anthu ena, nkuzindikiramo mai wa Ambuye wao.

M'mawa mwake Amr anabwera ndi msampha: afunseni kuti Yesu ndani. Apa ndi pamene timam'lemekeza Ja'far. Akanatha kusyasyalika mfumu kuti apulumutse anthu ake, koma ananena poyera kuti kwa iwo Yesu ndi mtumiki ndi mneneri wa Mulungu, wobadwa mwa namwali. Ife timavomereza m'Chikhulupiriro cha Nicea kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, wopachikidwa ndi kuuka kwa akufa. Kusiyanaku sikochepa, ndipo kulipo mpaka lero. Komabe mfumu inabweza mphatso za Amr, alendo nkukhala mwamtendere, akupemphera monga mwa mwambo wao m'dziko lachikhristu. Ja'far anabwerera kwao m'chaka cha 628.

Negus atamwalira cha m'ma 630, Muhammad anasonkhanitsa anthu ake ku Medina, anawaimika m'mizere, nam'pempherera pemphero la maliro mtembo uli kutsidya kwa nyanja. Asilamu amati mfumuyo inali italowa Chisilamu. Ufumu wake unakhalabe wachikhristu. Kumudzi kwathu kuno sitingadabwe nazo, pakuti pa siwa ya mnansi sitifunsa kuti amapemphera Lachisanu kapena Lamulungu tisanapite ndi nkhuni ndi ufa.

M'mudzi wa Negash, m'chigawo cha Tigray, muli mzikiti wokumbukira alendo aja. Unaonongeka ndi mabomba pa nkhondo ya mu 2020.