Mahomoni

Mahomoni ndi timadzi timene ziwalo zina za thupi zimathira m'magazi kuti tikapereke uthenga ku ziwalo zinzake. Ambiri amalimva liwuli kuchipatala pa nkhani za kulera, motero amayesa kuti limakhudza kubereka kokha. Ayi ndithu.

Liwuli linabwerekedwa ku Chingerezi, koma gwero lake ndi Chigiriki, kumene limatanthauza kudzutsa kapena kufulumiza. Analiyambitsa ndi Ernest Starling ku London mu 1905, ndipo homoni yoyamba imene iye ndi William Bayliss anaipeza mu 1902, yotchedwa secretin, inali ya m'matumbo.

M'mimba mukakhala mopanda kanthu, chifu chimatulutsa ghrelin, imene inatulukiridwa ku Japan mu 1999. Imeneyi ndiyo imauza ubongo kuti njala yafika. Munthu akadya, matumbo amatulutsa ena, monga PYY, onena kuti wakhuta.

Nkhani imakula munthu akachepetsa thupi. Mayi wa ku Sangilo amene achipatala amulangiza kuchepetsa kondowole chifukwa cha shuga amatha kutsika makilogalamu angapo, koma pakapita miyezi njala imamuvutabe ngakhale atangodya kumene usipa ndi chigwada. Anzake amangoti ndi dyera, pamene kwenikweni ghrelin yakwera ndipo mahomoni okhutitsa aja atsika. Kafukufuku wa ku Melbourne wofalitsidwa mu 2011 anapeza kuti kusinthaku kumakhalapobe ngakhale patapita chaka chathunthu. N'chifukwa chake ambiri amanenepanso akangosiya kusamala kadyedwe.