Mpingo umodzi, masinodi atatu: malire amene amishoni adatisiyira

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malawi muno tilipo anthu oposa 17.5 miliyoni. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, ndipo Asilamu nawonso akuyandikira 14. Izi zikutanthauza kuti CCAP ndi mpingo wachiwiri kukula m'dziko muno, wokhala ndi anthu oposa 2 miliyoni. Koma aliyense wokulira mu mpingowu amadziwa kuti ukanena kuti "ndine wa CCAP" sunamalize kuyankha. Funso lotsatira limakhala lakuti, "Sinodi iti?" Ndipo ukangoyankha kuti Livingstonia, Nkhoma kapena Blantyre, wofunsayo wadziwa kale kumudzi kwanu, chilankhulo cha agogo ako, ndipo mumtima mwake wayamba kale kuganizira chipani chimene umavotera.

Ine ndikuona kuti ambiri a ife sitidasankhe mpingo. Adatisankhira ndi malo amene sitima ya amishoni idakocheza, phiri limene adalikonda chifukwa kunalibe udzudzu, komanso mfumu imene idawalola kumanga sukulu. Mbiri ya CCAP imaonetsa zimenezi poyera, ndipo ndi mbiri imene ikutikhudzabe mpaka lero.

Nkhaniyi imayambira ku Scotland, kutali ndi nyanja yathu. Mu 1843 mpingo wa Church of Scotland udagawanika. Abusa mazanamazana adatuluka n'kuyambitsa Free Church of Scotland, pokana kuti eni malo olemera ndi makhoti a boma azisankhira akhristu m'busa. Patapita zaka 30, David Livingstone atamwalira mu 1873, mipingo iwiriyi idafuna kumukumbukira potumiza amishoni kuno. Chifukwa chakuti kwawo ankapemphera mosiyana, kunonso adabwera ngati magulu awiri. A Free Church adafika ku Cape Maclear mu Okutobala 1875 pa sitima ya Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pagululo padali dokotala wachinyamata Robert Laws. A Church of Scotland adakhazikika kumapiri a Shire mu 1876 pamalo amene Henry Henderson adasankha, n'kuwatcha Blantyre, dzina la tauni imene Livingstone adabadwira. Choncho mng'alu woyamba wa CCAP ndi wakale kuposa CCAP yeniyeniyo, ndipo gwero lake ndi mkangano umene agogo athu sadaumvepo n'komwe.

Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti Livingstonia sidayambire kumpoto. Cape Maclear ili m'boma la Mangochi. Malungo adapha amishoni angapo kumeneko, ndipo anthu obatizidwa adali ochepa kwambiri. Woyamba adali Albert Namalambe mu 1881. Chaka chomwecho mishoni idasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga, kenako mu 1894 Laws adakwera phiri la Khondowe kumene kuli Livingstonia ya lero. Kukadapanda malungo a ku Cape Maclear, mwina lero bwenzi tikunena za Livingstonia ngati sinodi ya Ayao ndi Amang'anja. Atonga adalandira sukulu ndi manja awiri, mwa zina chifukwa ankafuna wowathandiza pa nkhondo za Angoni. Kwa Angoni a M'mbelwa nako, amene adatsegula njira sadali Mzungu ayi, koma William Koyi, Mxhosa wochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa, yemwe chilankhulo chake chinkamveka kwa Angoniwo.

Gulu lachitatu lidachokera kwina. Laws ataona kuti dera la pakati ndi lalikulu ndipo alibe anthu okwanira, adalandira thandizo la mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape. Andrew Charles Murray adafika mu 1888, ndipo mu Novembala 1889 iye ndi T. C. B. Vlok adamanga msasa pa Mvera, m'dera la mfumu Chiwere. Mishoni ya Nkhoma idatsegulidwa mu 1896, ndipo patapita nthawi likulu lidasamukira kumeneko. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mapu adali atajambulidwa kale: Asikoti a Free Church kumpoto, Mabunu pakati, Asikoti a Church of Scotland kummwera.

Amishoniwa adagwirizana kuti asamalandane nkhosa. Aliyense akhale ndi munda wake, ndipo malire akhale mitsinje ndi mapiri. Nzeruyi pa nthawiyo idali yomveka, chifukwa antchito adali ochepa ndipo dziko lidali lalikulu. Koma m'munda uliwonse mudamera mbewu yosiyana. Ku Khondowe, Laws adamanga sukulu ya Overtoun yophunzitsa Chingerezi ndi maphunziro apamwamba, ndipo idatulutsa aphunzitsi ndi makalaliki amene adafalikira mpaka ku Rhodesia ndi ku South Africa. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda la ICU ku Cape Town mu 1919, adaphunzira kumeneko. Ku Blantyre, David Clement Scott adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, adasindikiza mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, ndipo adakhulupirira msanga kuti Aafirika atsogolere mpingo. A Dutch Reformed adalimbikira sukulu za m'midzi zophunzitsa m'chilankhulo cha anthu, ulimi ndi ntchito zamanja. Sukulu zawo zidali zambiri, koma sankafulumira kukweza ophunzira pa Chingerezi. Komabe ndi kwa iwo kumene kudachokera ntchito yaikulu ya Buku Lopatulika, imene William Hoppe Murray adatsogolera pamodzi ndi anzake a ku Blantyre ndi Amalawi owathandiza, ndipo Baibulo lonse lidatuluka mu 1922.

Kusiyanaku kumaonekanso pa zaka zimene Amalawi oyamba adadzozedwa ubusa. Blantyre idadzoza Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha mu 1911. Livingstonia idatsatira mu 1914 ndi Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya. Ku Nkhoma zidachitika mu 1925 ndi Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza. Mukamva anthu lero akukangana pa Facebook kuti anthu a chigawo chakuti ndi anzeru kapena a chigawo chakuti sakonda sukulu, dziwani kuti akunena za mfundo za amishoni a zaka zoposa 100 zapitazo, ngakhale iwo akuganiza kuti akunena za magazi.

CCAP idabadwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre zidagwirizana kukhala mpingo umodzi, ndipo Nkhoma idalowa mu 1926. Dzinalo lokha likusonyeza maloto a oyambitsawo. Adati Church of Central Africa, kenako n'kuika mawu akuti Presbyterian kumapeto, chifukwa ena mwa iwo ankayembekezera mpingo wa Aafirika woposa malire a mayina a ku Ulaya. Koma mgwirizanowo udali wa pamwamba pokha. Sukulu, zipatala, ndalama ndi mwambo wa mpingo zidatsala m'manja mwa mbali iliyonse. Mu 1956 mbali zitatuzi zidasanduka masinodi, ndipo pamwamba pake padaikidwa bungwe lalikulu lopanda mphamvu zenizeni zolamula. Ngakhale amayi a mpingo ali ndi mayina atatu: Umanyano kumpoto, Chigwirizano pakati, Mvano kummwera. Mayina onsewa akukamba za umodzi, koma aliyense payekha.

Mpingowu udatsatiranso anthu ake kunja. Amalawi opita kutheba ku Southern Rhodesia ankafuna kupemphera m'chilankhulo chawo, ndipo Vlok yemwe uja adapita ku Salisbury mu 1912 kukawatumikira. Kumeneko ndi kumene kudachokera sinodi ya Harare, imene idakhazikitsidwa mu 1965. Mipingo ya Livingstonia ya kummawa kwa Zambia, cha ku Lundazi ndi Chasefu, idakhala sinodi payokha mu 1984. N'chifukwa chake lero CCAP ili ndi masinodi asanu m'mayiko atatu. Apa pali phunziro limene ndibwererenso: kuyambira kale, anthu akasamuka amanyamula mpingo wa kwawo ngati mtolo.

Mipingo ina ikuluikulu nayonso ili ndi mapu ake. Aangilikani a UMCA adayamba ku Magomero mu 1861, adabwerera m'mbuyo Bishopu Mackenzie atamwalira mu 1862, ndipo adadzakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885. N'chifukwa chake mpaka lero ali ndi mphamvu m'mphepete mwa nyanja, monga ku Likoma, Nkhotakota ndi Malindi. Akatolika adabwera m'magulu awiri: a Montfort ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua ndi madera ena a pakati kuyambira 1902. Iwo sadalowe nawo m'pangano la malire la Apulotesitanti, moti ankamanga sukulu paliponse pamene mfumu yavomera, ngakhale pafupi ndi sukulu ya Mabunu. Pa nthawiyo zimenezi zinkabweretsa mikangano, koma zotsatira zake n'zakuti Mkatolika wa ku Karonga akafika ku Chikwawa safunsa kuti tchalitchi cha kwathu chili kuti. Madayosizi alipo asanu ndi atatu, koma palibe imene imakatsegula parishi m'dera la inzake.

Ndale zidapeza malirewa ali okonzeka kale. Taonani nkhani ya Kasungu. Poyamba dera limeneli lidali la Livingstonia, ndipo Kamuzu Banda adaphunzira m'sukulu za mishoni imeneyo. M'zaka za m'ma 1920 Kasungu idaperekedwa kwa a Dutch Reformed, mwa zina chifukwa anthu ake amalankhula Chichewa. Pamene Kamuzu ankabwerera kumudzi mu 1958, kwawo kudali kwa Nkhoma. Mu 1968 Chichewa chidakhala chilankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kubwerera kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo amene adavutika kwambiri ndi a kumpoto. Mabala amenewa adalowanso m'tchalitchi. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo mu Malichi 1992, atsogoleri a Blantyre ndi Livingstonia adaima nawo pofuna kusintha, ndipo adali m'gulu loyambitsa Public Affairs Committee, pamene Nkhoma idaima patali. Pa chisankho cha 1994, Chakufwa Chihana adasesa kumpoto, Kamuzu pakati, Bakili Muluzi kummwera. Sindikunena kuti masinodi ndi amene adagawa mavoti. Ndikunena kuti mapu awiriwa amafanana mochititsa mantha, ndipo wakale mwa awiriwa ndi wa mpingo.

Mkangano wodziwika kwambiri ndi wa malire a Nkhoma ndi Livingstonia cha ku Nkhotakota. Mbali ina imati malire ndi mtsinje wa Dwangwa, ina imati ndi Milenje. Kwa zaka zambiri nkhaniyi idagona, mpaka fakitale ya shuga itatsegulidwa ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Antchito olankhula Chichewa adadzaza minda ya nzimbe, ndipo ankafuna kupemphera ndi kuimba monga kwawo. Nkhoma idawatsatira kutsidya kwa mtsinje. Livingstonia idadandaula kwa nthawi yaitali, zokambirana zidalephera, ndipo m'zaka za m'ma 2000 idalengeza kuti sizindikiranso malire ndi Nkhoma. Lero mu Lilongwe muli matchalitchi a Livingstonia, ndipo mu Mzuzu muli a Nkhoma. Onse chikwangwani chawo ndi chimodzi cha CCAP.

Pali anzanga ena amene amati palibe cholakwika apa, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Amati munthu ali ndi ufulu wopemphera m'chilankhulo chimene amalotera. Mayi wa ku Rumphi wokhala ku Area 25 akaferedwa, amafuna nyimbo zimene amayi ake ankaimba ku Ekwendeni, ndipo palibe mtsinje wojambulidwa ndi Mzungu umene ungamuletse. Amatinso ngati kudali koyenera kutsatira matchona ku Harare, bwanji kukhale kolakwika kuwatsatira ku Lilongwe, mzinda umene wakhala likulu la dziko lonse kuyambira 1975? Ndikugwirizana nawo kuti malire a mitsinje adatha ntchito tsiku limene anthu adayamba kukwera basi kukafuna ntchito.

Pamene ndikusiyana nawo ndi apa. Malire akale adali a malo, kutanthauza kuti aliyense wokhala m'deralo, kaya Mtumbuka kaya Mlomwe, ankakhala pa benchi imodzi. Malire atsopanowa ndi a mtundu. Kale tinkafunsa kuti ukukhala kuti, lero tikufunsa kuti udachokera kuti. Ndipo vuto la chilankhulo lili ndi mankhwala osafuna tchalitchi chatsopano. Matchalitchi ambiri a m'tauni amakhala kale ndi mapemphero a Chingerezi m'mawa ndi a Chichewa pambuyo pake. Kuwonjezerapo a Chitumbuka kapena Chitonga m'nyumba yomweyo si chinthu chovuta. Chovuta ndi funso lakuti chopereka chipita ku likulu liti, ndipo m'busa atumidwa ndi ndani.

N'zochititsa chidwi kuti Asikoti amene adayambitsa mng'alu woyamba uja adagwirizananso kwawo mu 1929, pamene ambiri a iwo adabwerera mu Church of Scotland imodzi. Eni mkangano adaumaliza, ife olandira cholowa tidausunga. Lero sinodi iliyonse ya m'Malawi ili ndi yunivesite yakeyake, ndipo sukulu ya zaubusa ya ku Zomba, imene idatsegulidwa mu 1977 kuti abusa aziphunzirira pamodzi, ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zikukumbutsabe maloto a 1924.

Ife a mbadwo uno tikukwatirana mosayang'ana mitsinje. Mnyamata wa ku Mzimba akupeza mkazi wa ku Dedza kukoleji ku Zomba, ntchito n'kukaipeza ku Blantyre. Mwana wawo adzabatizidwa mu sinodi iti? Zaka 20 zikubwerazi, akulu a mpingo, alembi ndi asungichuma amene adzayankhe funso limeneli ndi ife amene tili m'kalasi lero. Tisanaliyankhe, ndi bwino tidziwe kuti malire amene tikuwateteza ndi mtima wonsewa adajambulidwa ndi malungo a ku Cape Maclear, mkangano wa ku Edinburgh, ndi kuchepa kwa antchito a Robert Laws.