Chigiriki chimene timalankhula osadziwa

Kuchokera ku Kaunda Square kupita ku Chamba Valley si patali. Kumeneko kuli Justo Mwale University, kumene ophunzira zaubusa amalimbana ndi Chigiriki cha Chipangano Chatsopano. Akhristu ambiri amayesa kuti chinenerochi ndi cha abusa okha, pomwe nawonso chili m'kamwa mwawo tsiku ndi tsiku.

Mkulu wa mpingo wa RCZ kapena CCAP akati "sinodi yagamula", watchula mawu awiri a Chigiriki: syn, pamodzi, ndi hodos, njira. Sinodi ndi anthu amene njira zawo zakumana. Ndilo dzina limene Agiriki anapatsa msonkhano wa ku Nicaea mu 325 ndi wa ku Constantinople mu 381. Baibulo nalo linachokera ku biblia, mabuku ambiri, ndipo muzu wake ndi byblos, gumbwa amene ankalembapo.

Koma mawu amene amandikoka mtima kwambiri ndi sukulu, ochokera ku schole. Poyamba schole inali nthawi yopuma, pamene munthu waika pansi ntchito ya manja. Agiriki ankathera nthawiyo pokambirana nzeru, mpaka dzinalo linasamukira ku zokambiranazo, kenako ku malo okambiranapo. Pa tsinde lomwelo panaphuka mawu akuti scholia, timawu tofotokozera timene wophunzira amalemba m'mphepete mwa tsamba. Apa ndi pamene pali ulemu wa alembi a ufumu wa Byzantium, umene likulu lake linali Constantinople kuyambira 330 mpaka mzindawo utagwa mu 1453.

Ku Venice amasunga mpaka lero buku lolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 900, lotchedwa Venetus A. Pakati pa tsamba pali Iliad ya Homer, ndipo m'mbali monse mwadzaza scholia zosunga maganizo a Aristarchus, katswiri wa ku Alexandria amene anamwalira Yesu asanabadwe. Mlembiyo anali Mkhristu, ndakatuloyo ndi ya milungu yachikunja, koma anaikopera mosamala chifukwa ana ankaphunzirira Chigiriki chabwino mwa Homer. M'zaka za m'ma 800, Photios, mkulu wa mpingo wa ku Constantinople, analemba mwachidule za mabuku pafupifupi 280 amene anawerenga. Ambiri a iwo anatayika, tikuwadziwa kudzera mwa iye.

Anthu amenewa ankakondanso kufukula mizu ya mawu. Buku lotchedwa Suda lili ndi mitu pafupifupi 30,000, ndipo Etymologicum Magnum, la m'zaka za m'ma 1100, ntchito yake yaikulu inali yomweyo. Mizu ina ankangoganizira potengera kufanana kwa kamvekedwe, komabe pofotokoza ankagwira mawu a olemba akale, n'kutisungira zidutswa zimene sizipezeka kwina.

Alipo amene amawanyoza kuti anali okopera chabe. Ine sindivomereza. Kusankha buku loyenera chikopa chodula cholembapo ndi miyezi ya ntchito n'kuweruza, ndipo chimene anachisiya chinawola. Ngakhale Erasmus, posindikiza Chipangano Chatsopano cha Chigiriki ku Basel mu 1516, anadalira mabuku ochepa a alembi omwewa.

Inu ophunzira a ku Chamba Valley, Chigiriki chanu chisathere pa makalata a Paulo. Funsani aphunzitsi anu za Photios ndi za manja amene anakopera makalatawo.