Thonje ndilo linasamutsa anthu a ku Yaghnob

Kumpoto chakumadzulo kwa Tajikistan, m'boma la Ayni, mtsinje wa Yaghnob umayenda pakati pa mapiri a Zarafshan ndi Hisor. Midzi ya m'chigwachi, ya nyumba zamiyala, ili pamtunda wa mamita oposa 2,000, ndipo m'nyengo yozizira chipale chofewa chimatseka njira kwa miyezi yambiri. Kuvuta kwa malo kumeneku ndiko kunasunga chilankhulo cha eni ake. Aluya atagonjetsa dziko la Sogdiana, mfumu Devashtich ya ku Panjakent n'kugwidwa mu 722, chilankhulo cha dzikolo, chomwe amalonda ankapita nacho mpaka ku China, chinayamba kuzilala m'mizinda, Chiperisiya n'kutenga malo. Mphukira yake inatsala ku Yaghnob, pakamwa pa alimi a balere ndi oweta ziweto.

Zimene zaka zoposa 1,000 zinalephera, boma la Soviet Union linazichita mu 1970. Linasamutsa anthu a m'midzi yonse ya m'chigwachi, ena pa helikopita, n'kukawatula ku Zafarobod, dera lotentha la minda ya thonje. Akuluakulu ankati akuwapulumutsa ku zigumukire za chipale, ndipo alipo amene angawaikire kumbuyo ponena kuti kumapiriko kunalibe msewu wagalimoto ngakhale chipatala chodalirika. Umphawiwo unalipodi, sitingaukane. Koma mankhwala a mudzi wopanda msewu ndi kuulambulira msewu. Ngozi ya zigumukire anthuwa ankaidziwa kuposa wina aliyense wa mu ofesi, popeza makolo awo anakhala nayo mibadwomibadwo. Nanga ngati nkhawa inali moyo wawo, bwanji anakawasiya kumalo a dzuwa loswa mtengo ndi madzi oipa, kumene ambiri, makamaka ana, anamwalira? Bwanji ena amene anabwerera okha kwawo anawachotsanso? Yankho lili m'minda ya ku Zafarobod: boma linkafuna manja olima ndi kukolola thonje.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mabanja ena abwerera, koma midzi yambiri idakali mabwinja. Ochuluka anakhazikika kuchidikha pakati pa olankhula Chitajiki ndi Chiuzbeki, ndipo ana a ku Yaghnob komweko kusukulu amaphunzira m'Chitajiki.